Banja la Bandaranaike ku Sri Lanka: kodi linalamulira chifukwa cha dzina kapena ntchito?

Wophunzira_mbiri analemba:

Moni nonse akuluakulu a pabwalo lino. Ndikuwerenga mbiri ya mayiko a ku Asia amene analandira ufulu wodzilamulira kuchokera kwa Angerezi nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itangotha, ndipo nkhani ya Sri Lanka, dziko limene kale linkatchedwa Ceylon, yandiimitsa mutu. M'banja limodzi la Asinhala (mtundu wa anthu ochuluka m'dzikolo), la Bandaranaike, bambo anakhala nduna yaikulu mu 1956, mayi anakhala nduna yaikulu katatu kuyambira mu 1960, mwana wamkazi anakhala pulezidenti kuyambira mu 1994 mpaka mu 2005, ndipo mwana wamwamuna anakhalapo mtsogoleri wa aphungu otsutsa boma komanso sipikala wa nyumba ya malamulo. Chimene chikundizunguza n'chakuti dzikoli silinkalamulidwa ndi mafumu olowa ufumu mwa kubadwa. Anthu ake, amuna ndi akazi omwe, akhala akuponya voti kuyambira mu 1931, ndipo kangapo konse achotsa maboma pa chisankho. Ndiye zinatheka bwanji kuti anthu oterewa azibwerera ku khomo limodzimodzi kwa zaka pafupifupi 50? Kodi ankavotera dzina, kapena panali ntchito imene banjali linawagwirira? Amene munaizama nkhaniyi ndithandizeni.

Mphunzitsi_wopuma anayankha:

Achimwene, banjali silinayambe kutchuka mu 1956, choncho tiyambire kwa agogo. Sir Solomon Dias Bandaranaike, bambo a nduna yaikulu ija, anali ndi udindo wa Maha Mudaliyar, umene unali wapamwamba koposa pa maudindo onse amene mbadwa ya dzikolo inkatha kupatsidwa pansi pa bwanamkubwa wachingerezi. Anali mwini minda ikuluikulu ku Horagolla, m'dera la Attanagalla, ankapemphera mu mpingo wa Anglican, ndipo anali womvana ndi atsamunda kotero kuti mwana wake wobadwa mu 1899 anamutcha Solomon West Ridgeway Dias, kutengera dzina la bwanamkubwa wa nthawiyo, Sir Joseph West Ridgeway. Mwanayu analeredwa m'Chingerezi, anakaphunzira ku Oxford, ndipo pobwerera kwawo mu 1925 ankalankhula Chingerezi chosalala kuposa Chisinhala.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Munthu amene anabadwira m'nyumba yodalira atsamunda ndi amene anazindikira msanga kuposa anzake kuti voti ya aliyense yasintha malo amene mphamvu zimachokera. Analowa chipembedzo cha Chibuda, anavula suti n'kuyamba kuvala malaya oyera aatali ndi nsalu monga amachitira anthu a m'dzikolo, ndipo m'zaka za m'ma 1930 anayambitsa gulu la Sinhala Maha Sabha. Anakhala nduna m'boma loyamba la D. S. Senanayake, koma ataona kuti mpando waukulu ukusungidwira a m'banja la Senanayake, anatuluka mu 1951 n'kukhazikitsa chipani cha Sri Lanka Freedom Party, chimene ambiri amangochitchula kuti SLFP. Ena amati kulowa kwake Chibuda kunali kwa ndale chabe. Ine sindiweruza za mumtima mwa munthu, koma n'zoonekeratu kuti kusinthako kunamupindulira.

Pa chisankho cha 1956, chimene chinagwa m'chaka chokumbukira zaka 2,500 za chipembedzo cha Chibuda, iye anadalira magulu asanu a anthu amene ankaona kuti ufulu wa 1948 sunawafike: amonke, asing'anga a mankhwala achikhalidwe a Ayurveda, aphunzitsi a sukulu za Chisinhala, alimi ndi anthu apantchito. Dandaulo lawo linali lenileni. Boma, makhoti ndi mayeso olowera ntchito za boma zonse zinkayenda m'Chingerezi, chilankhulo chimene ankachidziwa ndi anthu ochepa kwambiri, mwakuti mlimi ankatha kuzengedwa mlandu wa munda wake m'mawu amene sakuwamva. Bandaranaike analonjeza kuti Chisinhala chikhala chilankhulo cha boma m'maola 24. Mgwirizano wake unapeza mipando 51 mwa mipando 95 yopikisanirana, ndipo chipani cholamula cha United National Party (UNP) chinatsala ndi mipando 8 yokha. Atalowa m'boma anachotsa asilikali a Britain ku Trincomalee ndi ku Katunayake, ndipo anaika mabasi ndi doko la Colombo m'manja mwa boma.

Koma lamulo la chilankhulo la 1956 linakweza Chisinhala chokha, Chitamil n'kuchisiya panja. Atsogoleri a Atamil, mtundu wa anthu ocheperako m'dzikolo, atakhala pansi mwamtendere pa bwalo la Galle Face posonyeza kukana kwawo, anamenyedwa, ndipo zipolowe zinabuka ku Gal Oya. Bandaranaike anayesa kukonza zinthu mu Julayi 1957 pochita pangano ndi mtsogoleri wa Atamil, S. J. V. Chelvanayakam, lolola Chitamil kugwiritsidwa ntchito kumpoto ndi kum'mawa komanso lopereka mphamvu zina ku makhonsolo a zigawo. J. R. Jayewardene wa UNP anatsogolera ulendo wa pansi wopita ku Kandy potsutsa panganolo, ndipo mu Epulo 1958 amonke atadzaza pabwalo la nyumba yake ku Rosmead Place, nduna yaikulu inagonja n'kulithetsa. Mwezi wotsatira anthu mazanamazana, ambiri a iwo Atamil, anaphedwa pa zipolowe zina.

Imfa yake inachokera kwa anthu a mbali yake yomwe. M'mawa wa pa 25 Sepitembala 1959 anali pakhonde la nyumba yake akulandira anthu obwera ndi madandaulo, ndipo atawerama kuti apereke ulemu kwa mmonke wina, Talduwe Somarama, mmonkeyo anasolola mfuti m'mkanjo wake n'kumuwombera. Anamwalira tsiku lotsatira. Khoti linapeza kuti chiwembucho chinakonzedwa ndi Mapitigama Buddharakkitha, mkulu wa kachisi wa ku Kelaniya, amene anathandiza kwambiri pa chisankho cha 1956 koma anakwiya atamanidwa mwayi wa malonda umene ankayembekezera kuchokera ku boma. Yankho langa pa funso lanu ndi lakuti bamboyu anasiyira banja lake zinthu ziwiri, chipani ndiponso imfa imene inamusandutsa ngwazi ya Asinhala akumudzi, ndipo onse obwera pambuyo pake anadyera pamenepo.

Mayi_wa_kulaibulale anayankha:

Aphunzitsi, mbiri ya bamboyo mwaifotokoza bwino, koma chiganizo chanu chomaliza sindikugwirizana nacho, chifukwa chikuchepetsa mkazi wake, Sirimavo, ngati kuti anali wongosunga mpando wa malemu. Bambo analamulira zaka zitatu ndi miyezi yowerengeka basi. Mayi anatsogolera chipani kwa zaka zoposa 30, ndipo zambiri zimene anthu a ku Sri Lanka amaziyamikira kapena kuzidandaula pa banjali zinachitika m'manja mwake.

Choyamba, iyeyo sanali mlendo pa nkhani za ulamuliro. Anabadwa mu 1916 m'banja la Ratwatte, limodzi mwa mabanja olemekezeka a kumapiri a ku Kandy, kumene ufumu wa Asinhala unakhalapo mpaka mu 1815. Ukwati wawo wa mu 1940 unalumikiza olemera a kumunsi, kufupi ndi nyanja, ndi mabanja akale a kumtunda, magulu awiri amene sankakhulupirirana kwenikweni. Komanso mosiyana ndi mwamuna wake, iye anali Mbuda chibadwire ngakhale anaphunzitsidwa ndi masisitere achikatolika ku Colombo, ndipo kwa zaka zambiri anayenda m'midzi ndi bungwe la amayi la Lanka Mahila Samiti. Anthu akumudzi ankamudziwa kale.

N'zoona kuti mu 1960 akuluakulu a chipani, amene anali atagawanika, anamupempha kuti atsogolere poganiza kuti misozi ya namfedwa ibweretsa mavoti, ndipo otsutsa ankamunyoza kuti ndi mayi wamasiye wongolira pamisonkhano. Pa chisankho cha mu Julayi chaka chimenecho SLFP inapeza mipando 75 mwa 151, ndipo iye anakhala mayi woyamba pa dziko lonse kukhala nduna yaikulu. Amene ankayesa kuti azimuuza zochita anakhumudwa posakhalitsa. Anaika sukulu zambiri za mipingo m'manja mwa boma ngakhale Akatolika anakana kwamphamvu. Analanda malonda a mafuta a galimoto kwa makampani akunja mpaka dziko la America linaimitsa thandizo lake mu 1963. Mu 1962 akuluakulu ena a asilikali ndi apolisi anakonza zolanda boma, koma chiwembu chawo chinaululika chisanachitike. Mu 1964 anachita pangano ndi Lal Bahadur Shastri, nduna yaikulu ya India, pa nkhani ya Atamil ogwira ntchito m'minda ya tiyi amene analibe unzika, lakuti anthu 525,000 apite ku India ndipo 300,000 apatsidwe unzika wa Ceylon. Panganoli linagamula za miyoyo ya anthu amene sanafunsidwe maganizo awo, ndipo ambiri mwa otumizidwawo anali asanaliwonepo dziko la India.

Ulamuliro wake wachiwiri, wa 1970 mpaka 1977, ndi umene uyenera kuyezedwa mosamala. Mu Epulo 1971 achinyamata achisinhala a gulu la JVP, ambiri a iwo ophunzira koma osowa ntchito, anaukira boma ndi zida, ndipo boma linawathetsa mwankhanza, anthu zikwizikwi n'kufa. Pa 22 Meyi 1972 dzikoli linasiya kukhala pansi pa mfumukazi ya ku Britain, linatenga dzina lakuti Sri Lanka, ndipo malamulo atsopano oyendetsera dziko anapatsa Chibuda malo oyamba. Lamulo la malo la 1972 linaletsa munthu kukhala ndi maekala opitirira 50, ndipo mu 1975 minda ya makampani akunja inatengedwa ndi boma. Njira yatsopano yosankhira ophunzira opita ku yunivesite inachepetsa malo a achinyamata achitamil a ku Jaffna, mzinda wa kumpoto, ndipo ambiri mwa amene pambuyo pake ananyamula mfuti kumpoto ankatchula nkhani imeneyi. Kunja mbiri yake inali yabwino, moti mu 1976 anachereza msonkhano waukulu wa mayiko osatenga mbali pa mkangano wa America ndi Soviet Union, mu holo imene dziko la China linamanga pokumbukira mwamuna wake. Koma kumudzi anthu ankadzuka usiku kukaima pa mizere ya buledi, apolisi ankatchinga misewu kuti mpunga usadutse kuchoka m'boma lina kupita m'boma lina, ndipo malo odyera ankaletsedwa kugulitsa mpunga masiku ena a sabata.

Mu 1977 anthu omwewo amene mukuti ankavotera dzina anasiyira chipani chake mipando 8 yokha mwa 168. Ngati dzina likanakhala lokwanira, zimenezi sizikanachitika. Mu 1980 boma la Jayewardene linamulanda ufulu woima pa chisankho pomuimba mlandu wogwiritsa ntchito mphamvu molakwika, ndipo unabwezedwa mu 1986. Chipani sanachitaye m'zaka zonsezo. Munthu wongodyera dzina la mwamuna sakanapirira zimenezo.

Wophunzira_mbiri anayankha:

Zikomo kwambiri aphunzitsi ndi amayi. Tsopano ndikuona kuti anthu ankalikweza banjali komanso ankaligwetsa. Komabe pali mbali ziwiri zimene sizinandimvekere. Ngati chipani chinali cholowa cha banja, n'chifukwa chiyani chinapita kwa mwana wamkazi, Chandrika, pamene mwana wamwamuna, Anura, ndi amene anali kale m'nyumba ya malamulo? Ndiponso kodi a Bandaranaike anali okha pa mchitidwe umenewu, kapena ndi momwe ndale za dzikolo zinkayendera?

Wotsata_za_kunja anayankha:

Ndiyambe ndi funso lachiwiri, chifukwa ndi losavuta. Sanali okha ayi. D. S. Senanayake atagwa pa hatchi n'kumwalira mu Malichi 1952, mpando unapita kwa mwana wake Dudley, kenako kwa Sir John Kotelawala, wachibale wawo kudzera m'ukwati, ndipo anthu ankachiseka chipani cha UNP kuti ndi cha amalume ndi aphwawo. J. R. Jayewardene ndi Ranil Wickremesinghe, amene anadzatsogolera UNP pambuyo pake, onse amachokera ku banja la Wijewardene kuchikazi, ndipo banja limeneli ndi limene linali ndi kampani yaikulu ya nyuzipepala ya Lake House. Choncho Sirimavo atalanda kampaniyi mu 1973, sinali nkhani ya boma ndi atolankhani yokha, inalinso nkhondo ya mabanja awiri. Pafupifupi atsogoleri onse a nthawi imeneyo anali a gulu la Govigama, limene limawerengedwa kuti ndi lapamwamba pa magulu obadwira a Asinhala, ndipo anaphunzira pa sukulu zowerengeka zomwezo za ku Colombo. Ranasinghe Premadasa, amene anagonjetsa Sirimavo pa chisankho cha pulezidenti mu 1988, ndiye anali woyamba kukhala pulezidenti osachokera m'mabanja amenewa. Chotero wovota ankasankhadi, koma nthawi zambiri ankasankha pakati pa makomo awiri.

Amayi, pa zimene mwanena ndiwonjezere kuti Sirimavo nayenso ankadalira abale. Felix Dias Bandaranaike anali nduna yamphamvu koposa m'maboma ake, Sunethra, mwana woyamba wa Sirimavo, anali mlembi wa mayi ake wa za ndale, ndipo William Gopallawa, amene anakhala pulezidenti woyamba mu 1972, anali wapachibale ndi banjali. Otsutsa anagwiritsa ntchito kwambiri nkhani ya chibale imeneyi pa kampeni ya 1977.

Za Anura ndi Chandrika, mwana wamwamuna ndiyedi ankaoneka ngati wolowa m'malo. Analowa m'nyumba ya malamulo mu 1977 ndipo anatsogolera otsutsa boma kuyambira mu 1983 mpaka mu 1988. Koma ankakangana ndi mayi ake pafupipafupi pa za utsogoleri wa chipani, ndipo anthu ankamuona ngati womasuka kwambiri ndi a UNP. Chandrika anadzera njira ina. Anaphunzira ku Paris, anakwatiwa mu 1978 ndi Vijaya Kumaratunga, katswiri wa mafilimu wokondedwa kwambiri, ndipo awiriwa anatuluka mu SLFP n'kuyambitsa chipani chawo mu 1984. Vijaya anali mmodzi mwa Asinhala ochepa amene analimba mtima kupita ku Jaffna kukalankhula ndi magulu a zida a Atamil. Anawomberedwa pakhomo pa nyumba yake mu Febuluwale 1988, ndipo Chandrika, amene bambo ake anaphedwa iye ali ndi zaka 14, anathawira ku Britain ndi ana ake. Atabwerera mu 1991 mayi ake anamukokera m'chipani, mu 1993 anapambana utsogoleri wa chigawo chakumadzulo, ndipo Anura anakwiya n'kupita ku UNP chaka chomwecho.

Chisankho cha 1994 ndi chimene chimandichititsa kukana kuti nkhaniyi inali ya dzina lokha. Chandrika anapeza mavoti 62 pa 100 aliwonse, ndipo anawapeza polonjeza zosiyana ndi zimene makolo ake anachita: kukambirana ndi gulu la LTTE, gulu la zida la Atamil limene linali pa nkhondo ndi boma, kugawira zigawo mphamvu, ndi kusabwerera ku chuma chotsekera malonda akunja. Atamil ambiri anamuvotera. Mayi ake anawaika kukhala nduna yaikulu, koma pofika nthawiyo malamulo a 1978 anali atasamutsira mphamvu zonse kwa pulezidenti, ndiye udindowo unali waulemu chabe. Zokambirana zinasokonekera mu Epulo 1995, nkhondo inayambiranso, ndipo asilikali a boma analanda Jaffna kumapeto kwa chaka chimenecho, amalume ake Anuruddha Ratwatte ali wachiwiri kwa nduna ya zachitetezo. Pa 18 Disembala 1999 munthu wa LTTE anadziphulitsa ndi bomba pa msonkhano wake womaliza wa kampeni ku Colombo, ndipo diso lake lakumanja linawonongeka. Mu Ogasiti 2000 anabweretsa m'nyumba ya malamulo malamulo atsopano ogawa mphamvu, koma aphungu otsutsa anawotcha mapepala ake m'nyumbamo, amonke anachita zionetsero panja, ndipo nkhaniyo inathera pomwepo. Kunena zoona, zimene zinagwetsa pangano la bambo ake mu 1958 ndi zomwezo zinagwetsa la iye, kungoti nthawi ino wolephera anali amene ankafunitsitsa kukonza. Lonjezo lake lothetsa mphamvu zochuluka za pulezidenti sanalikwaniritse, ndipo pamenepo palibe wina womuloza chala koma iye mwini.

Sirimavo anatula pansi udindo mu Ogasiti 2000 ndipo anamwalira pa 10 Okutobala chaka chomwecho, ali pa ulendo wobwerera ku Colombo atangoponya voti.

Mphunzitsi_wopuma anayankhanso:

Amayi, ndavomera kuti Sirimavo anali ndi mphamvu zakezake, koma pa mfundo ya chipani sindisuntha, ndipo umboni wanga ndi momwe banjali linatsikira. Kupatula miyezi yochepa ya 1959 ndi 1960, SLFP inatsogoleredwa ndi a Bandaranaike kuyambira mu 1951 mpaka mu 2006. Bwalo lalikulu la milandu linagamula kuti nthawi ya Chandrika itha mu 2005, ndipo chipani chinaimika Mahinda Rajapaksa, mwana wa D. A. Rajapaksa wa ku Hambantota, mmodzi mwa aphungu amene anatuluka mu UNP limodzi ndi bambo ake a Chandrika, S. W. R. D. Bandaranaike, mu 1951. Mahinda atapambana anatenganso utsogoleri wa chipani mu 2006, Anura anamwalira mu 2008, ana a Chandrika sanalowe ndale, ndipo kuyambira pamenepo dzina lija linatsala pa bwalo la ndege la ku Katunayake ndi pa holo ya misonkhano, osati pa mpando. Chandrika anathandiza kugwetsa Mahinda mu 2015 poima kumbuyo kwa Maithripala Sirisena, koma chipani sichinabwerere m'manja mwake.

A Rajapaksa anatenga mavoti a Asinhala achibuda akumudzi amene Bandaranaike anawasonkhanitsa mu 1956, ndipo pa nkhani ya chibale anapitirira onse amene anawatsogolera. Nkhondo itatha mu 2009, Mahinda anali pulezidenti, Gotabaya mlembi wamkulu wa zachitetezo, Basil nduna ya chitukuko cha chuma, ndipo Chamal sipikala, onse ana a bambo mmodzi. Gotabaya anakhala pulezidenti mu 2019, koma mu 2022 dziko litalephera kubweza ngongole zakunja, mafuta ndi mankhwala zitasowa, anthu analowa m'nyumba ya boma pa 9 Julayi ndipo iye anathawa m'dzikomo patangopita masiku ochepa. Pa chisankho cha mu Sepitembala 2024 anapikisana Ranil Wickremesinghe, Sajith mwana wa Premadasa ndi Namal mwana wa Mahinda, ndipo onse anagonja kwa Anura Kumara Dissanayake, wochokera m'banja wamba la kumudzi. Iyeyu ndi mtsogoleri wa JVP, gulu limene Sirimavo analigonjetsa ndi mfuti mu 1971, ndipo anakhalapo nduna ya zaulimi m'boma la Chandrika mu 2004. Mu Novembala 2024 mgwirizano wake unapeza mipando 159 mwa 225 m'nyumba ya malamulo.